Telala Amene Anasoka Matumba Athu

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha apongozi anga, a Eliya Sakala, ndipo mkulu wa mpingo amene analankhula pamandapo ananama. Sanachite dala, koma ananama ndithu. Anati malemuwa anali munthu wofatsa ngati nkhosa, wosadziwa kukangana ndi mnzake. Ine ndinaweramitsa mutu kuti anthu asaone kuti chiseko chandigwira. Ndakhala pakhomo pawo ku Kapata kuyambira tsiku limene ndinakwatiwa ndi mwana wawo, ndipo sindikumbukira sabata imene inatha a Sakala osakangana ndi munthu.

Mwana wawoyo anaima pambali panga, diso lake limodzi lili pa simenti. Dzina lake ndi Yotamu. Ndimutchula dzina pano kuti musamusokoneze ndi bambo ake. Pakhomo ndimati bambo a Esinati, ndipo akadzamva kuti ndalemba chonchi ndidzaona polekera. Iye ndiye akanatha kumuwongola mkulu wa mpingo uja. Anatha zaka khumi ndi chimodzi akukhala bwalo limodzi ndi bambo ake osaponda pakhonde pawo, ndipo ine ndinakalamba ndikudikira tsiku limene ndidzamumvenso akuti "atate".

A Sakala anali telala. Pamene ndinkakwatiwa, makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ya mmwenye wina kutauni, nthawiyo tauni ya Chipata ikadali kutchedwa Foti Jemisoni. Kusoka anaphunzira kumishoni, ndipo kumeneko anatengako luso pamodzi ndi kamwano ka anthu odziwa kuwerenga. Anali wamfupi, wa mapewa opapatiza, tepi yoyezera ili m'khosi ngakhale m'tchalitchi. Nthawi zambiri ankalankhula ataluma mapini, moti ukawafunsa mtengo unkachita kulosera yankho.

Munthu sankamuyang'ana kumaso. Ukawapatsa moni, maso awo anali paphewa lako, kuona ngati msoko wagona bwino. Ankati pakamwa pamanama koma chovala chimaulula mwini wake. Ankadziwa kuti uyu wabisa botolo la kachasu poona mmene jekete lapendekera, ankadziwa kuti kalaliki uyu wachotsedwa ntchito poona kolala yotembenuzidwa. Ine ndisanauze aliyense kuti ndaima, ngakhale mayi anga enieni, anatuma akazi awo a Nazulu kuti adzatenge diresi langa la Lamulungu alikulitse m'chiuno. Ndinachita manyazi sabata yathunthu.

Mikangano yawo yambiri inali ya pa tepi. Makalaliki a ku boma ankakonda kukoka mimba poyezedwa, ndiye a Sakala ankangoima chete, tepi ili m'chiuno mwa munthuyo, mpaka mpweya umuthere. Abusa athu anawakwiyira zaka ziwiri chifukwa a Sakala anawauza pamaso pa anthu kuti jekete limene anapatsidwa ndi mmishonale linasokedwera munthu wa mikono ya nyani. Ndi a Nazulu ankalimbana tsiku ndi tsiku za makala a m'simbi: awa akuti apsa kwambiri, awo akuti sanapse, mpaka simbiyo kuzirala onse akulankhulabe. Ine ndekha ndi amene sankandikalipira, osati chifukwa ndinali wabwino, koma chifukwa mwambo unkatiletsa kuyandikana. Ndikamabwera ndi madzi ndinkagwada chapatali, iwo n'kuyang'ana kumbali.

Amene anawadziwa a Sakala atakalamba amakumbukira zala zawo. Zinali zokhota, zina zoloza kumene zinzake sizikuloza, ngati mizu ya chinangwa chomera pamiyala. Ana apakhomo ankayesa ndi nyamakazi, ndipo iwo sankawatsutsa. Kusoka ankasokabe bwino, chifukwa makina amapalasidwa ndi miyendo ndipo nsalu ankaikankha ndi zikhatho. Chimene sankathanso n'kulowetsa ulusi pa singano. Ulusi ukaduka ankagogoda thebulo la makina ndi sizasi, go go go, ine n'kusiya zimene ndikuchita. Iwo ankanyamuka kukaima kumapeto kwa khonde atandifulatira, monga mwambo ufunira, ine n'kugwada pamakinapo, kulowetsa ulusi, kuchoka. Ntchito imeneyi ndinaigwira zaka khumi ndi chimodzi, tsiku lina kasanu, tsiku lina kosawerengeka.

Zaka zomwezo ndinalinso mtengatenga wa mawu. Yotamu ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pabwalo lomwelo, mapazi khumi kuchokera pakhondepo. Ankandiitana ine ndili kuseri kwa nyumba.

"Amake Esinati, auzeni atelala kuti denga lakumbuyo likudontha."

Ndisanatembenuke n'komwe, yankho linkabwera kuchokera pamakina.

"Nambewe, mumuuze mwamuna wanuyo kuti ndaliona kale. Si ine ndinalifolera."

Anthu odutsa ankaseka, nanenso masiku ena ndinkaseka, koma zinkandipweteka. A Nazulu anayesetsa mpaka anatsogola osawagwirizanitsa. Akulu a mpingo anabwera kangapo. Wina anamuuza Yotamu kuti chibale ndi fupa, sichiola, iye n'kuyankha kuti kuola siliola koma kuthyoka limathyoka. Anamwa tiyi wathu n'kumapita.

Chiyambi cha zonsezi chinali kawindo ka pa butchala. Ana a masiku ano ukawauza amayesa nthano. M'nthawi ya Chitaganya munthu wakuda sankalowa m'butchala ya mzungu. Khomo lakutsogolo linali la azungu, ife tinkazungulira kumbali, kumene kunali kawindo pafupi ndi ngalande ya madzi otsukira nyama. Unkalowetsa dzanja ndi ndalama, kenako kunkatuluka phukusi la nyuzipepala. Zimene zili m'katimo unkakazionera kunyumba: mafupa, mitsempha, nthawi zina zoyamba kale kununkha. Kubweza kunalibe. A Sakala zinkawanyansa kwambiri, chifukwa ena mwa azungu a m'mafamu a fodya ankaima pakhonde pawo kuti awayeze mabuluku a kaki. Ankati tepi yawo inazungulira mimba za azungu, za amwenye ndi zathu, ndipo sinapezepo mimba yofunika khomo lakelake.

Chaka chimenecho aphunzitsi, makalaliki angapo ndi amayi a kumpingo anamanga mfundo. Loweruka m'mawa tidzavale zovala za Lamulungu, tikaime pamzere pakhomo lakutsogolo, aliyense ndalama yake m'manja, tipemphe kugula nyama imene taiona ndi maso. Wotukwana pasakhale, wokankha pasakhale, ndipo zikavuta aliyense akhale pansi. Wotsogolera anali mphunzitsi wamkulu a Phiri, munthu wa Chingerezi chosalala.

Koma tinali titamva kuti kumatauni a kumigodi anthu atachita zofananazo, ena anamangidwa ponenedwa kuti anali ndi mipeni m'matumba. Kaya inalimodi, kaya inalowamo pomangidwapo, palibe ankadziwa. Apa ndi pamene a Sakala anabwera ndi nzeru yawo. Analamula kuti mwamuna aliyense wopita kumzereko abweretse buluku ndi jekete lake Lachinayi. Matumba onse anawasoka pakamwa, ndi ulusi woyera pa nsalu yakuda, misoko ikuluikulu yooneka munthu ali patali. Amuna anadandaula. Wina anafunsa poika fodya wake, wina poika mpango. A Sakala anati manja azikhala panja, pamene Mulungu ndi mzungu angawaone, ndipo palibe amene adzathe kuikamo kanthu kapena kutulutsamo kanthu.

Yotamu nthawi imeneyo ankagwira ntchito pagalaja. Anali wamtali, wa mtima wapachala, wovina ngoma moti fumbi linkachita kubuka. Anakana kupereka jekete lake mpaka Lachisanu masana.

"Atate, ife ndife Angoni. Tikaime ngati nkhuku zomangidwa miyendo?"

"Ukaime ngati munthu wofuna nyama. Popita kogula nyama umanyamula chibonga?"

"Nanga akandimenya?"

"Akakumenya ndiye kuti wamenyedwa. Koma sadzamenya. Bweretsa jeketelo."

Analibweretsa. Linali jekete la ukwati wathu, losokedwa ndi a Sakala omwewo, ndipo analisoka matumba onse atatu.

Loweruka tinafika dzuwa litangokwera. Amuna anali kutsogolo, amayife kumbuyo ndi madengu athu. Ine ndinali ndi mimba ya Esinati, ya miyezi isanu. Mwini butchala atationa anatseka chitseko n'kumatisuzumira pagalasi. Tinaima. Pakona ya msewu panali asikari ndi mfuti zawo, pamodzi ndi mzungu wa apolisi, ndipo nawonso anangoima. Chimene tinaiwala kuwerengera n'chakuti Loweruka ndi tsiku limene azungu a m'mafamu ankalowa m'tauni. Pofika chakumasana malole awo anali atandanda tsidya la msewu, ena mwa eni ake atalawa kale. Anayamba ndi kuseka ndi kutitukwana m'Chilapalapa, chilankhulo cholamulira antchito m'mafamu ndi kumigodi. Kenako ndinaona akutsitsa mipini ya mapiki ndi zikoti.

A Sakala anali wachiwiri pamzere, kumbuyo kwa a Phiri. Ndinawaona akucheuka, maso awo akuyenda paphewa ndi paphewa monga mwa chizolowezi chawo, mpaka anaima pa Yotamu. Kenako anachoka pamalo pawo n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Wina ananong'ona kuti atelala athawa. Nanenso ndinaganiza chomwecho, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi. Iwo sanathawe. Anakaima kumbuyo kwenikweni kwa mwana wawo. Anali ataona kuti mkono wamanja wa jekete lija sukugona mmene anausokera: unali wowongoka, wolemera chakumapeto. Yotamu anali atabisa sipanala yaikulu ya kugalaja m'kati mwa mkonowo.

A Phiri anavula chipewa n'kulankhula ndi mzungu amene anayamba kufika, mwaulemu wonse, kuti tabwera kudzagula nyama basi. Sanamalize. Mpini unawapeza pakamwa, chipewa chinagubuduka mpaka m'ngalande. Anthu anayamba kukhala pansi monga tinapanganira, manja pamutu, zikoti zikulira pamisana. Mayi wina wokalamba anamuponda dengu lake mpaka kuliphwanya, kenako anamuponda iye. Palibe anabwezera. Yotamu yekha ndi amene sanakhale pansi. Ndinamuona akugwedeza mkono, sipanala ija n'kutsetserekera m'chikhatho.

Pomwepo a Sakala anamulumphira. Anamukumbatira chakumbuyo, mikono yake yonse iwiri n'kuipanira m'nthiti, zala zawo n'kuzilukanitsa pachifuwa pake. Anali wamfupi moti nkhope yawo inathera pakati pa msana wa mwana wawo.

"Ndisiyeni, atate! Ndisiyeni!"

"Sindikusiya."

Sipanala inagwa m'fumbi. Sindikudziwa chimene chinandiyendetsa, koma ndinakwawa pakati pa miyendo ya anthu, ndi mimba yangayo, n'kuiponya m'dengu, pamwamba n'kuphimba chitenje. Nditakweza maso ndinaona mzungu wa apolisi uja atatsegula kachikwama ka mfuti ka m'chiuno, maso ake ali pa Yotamu, kudikira. Ndinaonanso azungu awiri akuyandikira. Anapeza munthu wamtali ataimirira, wogwidwa kale, wosatha ngakhale kuphimba nkhope. Mpini unagwa pachifuwa, pamene panali zala za a Sakala, unagwanso, unagwanso. Ndinamva kulira kwa mafupa. Nsonga ya chikoti inamupeza Yotamu padiso lamanzere. A Sakala sanamasule manja mpaka onse awiri anagwera pansi pamodzi.

Wezulo inalira zonse zitatha. Omangidwa tinali ife, pa mlandu wotseka njira. Amayife anangotithamangitsa, amuna anawaimika pakhoma kuti awaseche. Amene analipo amati mzungu wa apolisi uja anayesa kupisa dzanja m'thumba la woyamba, la wachiwiri, la wachitatu, konse n'kumangokumana ndi ulusi woyera. Sanapeze ngakhale msomali. Patapita masiku awiri anawamasula onse. Sipanala ija ndinakaiponya m'chimbudzi, ndipo a Nazulu okha ndi amene ndinawauza.

Bambo ndi mwana anagona chipatala chimodzi, mabedi oyandikana, ndipo ndi mmene kusalankhulana kunayambira. Diso silinapulumuke. Zala zinapola, koma chilichonse chinapolera kwake. Mmwenye uja, poopa kutaya makasitomala achizungu, anapempha kuti makina achoke pakhonde pake. Anapepesa kwambiri, mpaka anabwereka ngolo yonyamulira. Yotamu kugalaja anamuuza kuti asabwerenso. Umu ndi mmene onse awiri anapezekera pabwalo limodzi ku Kapata kuyambira m'mawa mpaka madzulo, wina ndi makina ake, wina ndi njinga zake.

Ndinayesa kulankhula naye bala likadali lalisiwi.

"Bambo a Esinati, inu simunaone zimene ndinaona ine. Mfuti inali itatsegulidwa kale. Mukanangokweza chitsulo chija, bwenzi titakuikani, pamodzi ndi ena ambiri."

"Bwenzi nditafa ngati mwamuna. Anandigwirira azungu ngati mbuzi yoti aizinge."

"Nanga zala zawo simukuziona?"

"Akanandisiya, zala zawo zikanakhala zabwinobwino. Ndi diso langa lomwe."

"Ine n'kukhala wamasiye ndi mimba?"

Pamenepo anatuluka.

Ine maganizo anga sindibisa. Ndinathokoza, ndipo ndikuthokozabe, chifukwa ana anga anayi anakula ndi bambo wawo. Koma sindinganene kuti Yotamu ankangouma mutu. Ndinkamva zimene amuna anzake ankanena akakhuta mowa, kuti uyo ndi uja anagwidwa ndi atate ake kuti azungu amumenye bwino. Ngoma anasiya kuvina. Munthu amene wamenyedwa akulimbana amakhala ndi nkhani yokamba, koma iye analibe, ndipo amene anamulanda nkhaniyo ankamuona tsiku ndi tsiku ali pakhonde.

A Sakala nawo sanadzitamepo kuti anachita bwino. Anthu akamawayamikira za matumba aja ankasintha nkhani, kapena kuyamba kunyoza msoko wa malaya a woyamikirayo. Kamodzi kokha ndi pamene anandiuza za mumtima. Ndinali nditagwada pamakina, iwo ataima kumapeto kwa khonde atandifulatira, ndipo analankhula ngati akuuza mtengo wa mango.

"Nambewe, ine ndinkayesa adzachita manyazi."

Ndinanyowetsa nsonga ya ulusi, iwo n'kupitiriza.

"Kumishoni tinakula tikumva kuti mzungu samenya munthu wosabwezera. Ndinkayesa akaona kuti ndamugwira adzatsitsa mipini. Pamenepo ndinayeza molakwa."

Ndinalowetsa ulusi n'kuchoka, ndipo sanaibwerezenso nkhaniyo.

Chitseko chija chinadzatsegulidwa Chitaganya chili pafupi kutha, lamulo litasintha. A Sakala anavala jekete lawo n'kupita okha. Anabwera ndi chiwindi, akuseka moti pofotokoza ankachita kutsamwa. Akuti analoza chiwindi chimene ankafuna, koma poti chala chinali chokhota, mzungu anatenga china. Anakana. Analozanso, mzungu anatenganso china. Anamuvutitsa choncho mpaka kachitatu, osafuna kuloza ndi pakamwa. Madzulo amenewo tonse tinadya chiwindi, kupatula Yotamu, amene anandiuza kuti ndimuphikire chigwada. M'butchala imeneyo sanalowemo mpaka lero.

Ufulu unabwera, tauni inasintha dzina, ana anayamba sukulu, koma pabwalo pathu zinthu zinali momwemo. Kenako mayi anga anadwala ku Chiparamba. Ndinapita ndikuti ndikagona masiku awiri, ndinakagona asanu. Ndili kumeneko mtima unali pa diresi la mkwatibwi limene a Sakala analandira, lofunika Loweruka. A Nazulu anali atatisiya kale, ana ankakhala kusukulu mpaka masana, ndipo ndinkadziwa kuti apongozi anga angalole kufa kusiyana ndi kupempha woyandikana nawo nyumba kuti awalowetsere ulusi.

Ndinafika Lachisanu dzuwa litapendeka. Ndikuyandikira mpanda wathu wa nkhadze ndinamva mawu awo, otsika, osakalipa.

"Kumanzere pang'ono. Wapitirira. Bwerera. Tsitsa. Apo."

Ndinasuzumira pampata. Yotamu anali atagwada pamakina, pamalo panga, mikono ya malaya atapinda, manja atasamba mpaka kuyera. Munthu wa diso limodzi kabowo ka singano amakaona, koma sadziwa kuti kali patali bwanji, ndiye ulusi umangodutsa pambali. A Sakala maso awo anali akuthwabe. Anali atawerama pambali pake, mutu wawo pafupi ndi phewa lake, zala zokhota zija atazibisa kumbuyo.

"Kumanja tsopano. Pang'ono. Usanjenjemere. Kankha."

Ulusi unalowa. Yotamu anaukoka, anaimirira, anabwerera ku njinga zake. Makina anayamba kulira. Ine ndinakhala pansi kuseri kwa nkhadzeko ndi katundu wanga, ndinalira mpaka kukhuta, kenako ndinapukuta maso n'kulowa ngati sindinaone kanthu. Amene anayamba ndani, sindinafunse. Kaya a Sakala anagogoda sizasi mpaka Yotamu anatopa nako kumva, kaya anangonyamuka yekha, zimenezo anazidziwa awiriwo.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito ija inandichoka. Sizasi ikalira go go go, ndinkamva chitsulo chikuikidwa pansi kumtengo wa mango, kenako madzi akukhuthulidwa m'beseni. Musaganize kuti anayamba kucheza. Za denga ndi za mbuzi zinkadutsabe mwa ine. Mawu apakati pawo anali omwewo, kumanzere, kumanja, kweza, apo, ndipo onse ankachokera mbali imodzi. Koma ndinazindikira kuti ulusi wayamba kuduka kawirikawiri kuposa kale. Tsiku lina ndikutuluka m'nyumba ndinawapeza apongozi anga akuuluma okha ndi mano, kenako n'kutenga sizasi. Atandiona anayang'ana kumbali, nanenso ndinayang'ana kumbali. Ndipo Yotamu, munthu wodziwa zitsulo, amene akanatha kufufuza chodula ulusi pamakinapo m'kanthawi kochepa, sanayesepo ngakhale tsiku limodzi.

A Sakala anatisiya chaka chatha m'nyengo yozizira, atadwala chifuwa sabata ziwiri. Ndinkayembekeza kuti pamphasa ya matenda ndidzamva chimene ndinkadikira. Sindinachimve. Yotamu ankakhala pakhomo la chipinda, kunja, atatsamira khoma. Akafuna kudziwa ngati amwa phala ankafunsa ine. Apongozi anga anamwalira m'mawa, iye atapita kumsika kukagula masipoko a njinga. Atabwera anaimika njinga, anamva kulira kwathu, anakasamba m'manja ndi sopo monga ankachitira akamva sizasi, kenako analowa. Pamaliro ponse sanagwetse msozi pamaso pa anthu, ndipo ndikuvomera kuti ndinamukwiyira.

Abale ochokera ku Mtenguleni atakhala pansi kugawa katundu, makina anapatsidwa kwa mwana wa mng'ono wawo, amene anaphunzirako zosoka. Zinali zoyenera. Atamufunsa Yotamu chimene akufuna, anthu ankayesa atchula jekete kapena wotchi. Iye anatenga sizasi ndi kachitini ka masingano.

Pakhondepo tsopano palibe kanthu. Pamene panaima miyendo yachitsulo ya makina panatsala timaenje tinayi m'dothi, ndipo ndikamazira ndimatilambalala. Pakhoma pali msomali umene ankakolekapo tepi, ndi banga lakuda pamene ankatsamiritsa mutu akatopa. M'ming'alu mukadali timaulusi tamitundumitundu timene tsache limalephera kutulutsa. Nkhuku zayamba kugonapo masana, chifukwa palibenso wozikalipira.

Dzulo m'mawa, alendo a chiliza atapita onse, ndinatuluka ndi tsache n'kupeza Yotamu atagwada pakati pa timaenje tija. Batani la jekete limene anavala kumanda linali litathothoka. Ndi jekete la ukwati wathu lomwe lija. Matumba ake sanawamasulepo, ulusi woyera uja unangosanduka wachikasu. Anali ndi singano m'dzanja limodzi, ulusi m'dzanja lina, atazikweza chakudzuwa. Anayesa, ulusi unadutsa pambali. Anaunyowetsa ndi malovu, anayesanso. Ndinatsala pang'ono kupita kukamulanda, koma ndinamumva akulankhula, motsika, nkhope atapendeketsa kumbali kumene kunkakhala phewa lina.

"Kumanzere kapena kumanja, atate?"

Ndinabwerera m'nyumba mwakachetechete, tsache lili m'manja. Pakhondepo panali dzuwa, msomali ndi timaenje tinayi. Nditasuzumira pawindo, anali akuyesabe.